Mpando wa Sharrer ndi chigayo cha atsibweni anga

Atsibweni anga ali ndi chigayo pa tauni ina yaing'ono m'boma la Mchinji, ndipo pambali pake pali kagolosale komwe amagulitsamo sopo, mchere, misomali ndi mafuta ophikira oyeza m'timabotolo. Nditapita kukawaona nthawi yokolola, ndinawapeza atakhala panja pa thumba la gaga, chigayo chili zii. Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake m'mawa. Amayi anayi anali atatsamira khoma ndi zidebe zawo za mphale, wina akuyamwitsa mwana, onse maso ali pa babu la pakhomo kuti mwina liyaka. Tili chikhalire choncho, wotolera msonkho wa pamsika anatulukira ndi kabuku kake, nang'amba tikiti. Atsibweni analipira osayankhula kanthu, ngakhale kuti chigayo sichinagaye ndi chitini chimodzi chomwe tsikulo. Kuseri kwa msikawo kuli mulu wa zinyalala umene ndinausiya ndili mwana wa sukulu, ndipo wangokulirakulira.

Ndinawafunsa kuti, "Atsibweni, bwanji osalowa m'bungwe la amalonda lija kuti madandaulo awa azikamveka kumtunda?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Liti? Lija limayankhula pa wailesi bajeti ikangowerengedwa? Mphwanga, zimenezo n'za anthu a mataye a ku Blantyre. Ine ndi chigayo chimodzi ndikakhala pati?"

Ndinafuna kuwatsutsa koma mawu anandithera, chifukwa mbiri ili kumbali yawo. Bungwe la amalonda limene lero timalidziwa kuti MCCCI (Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry), lomwe likulu lake lili pa bwalo la chionetsero cha zamalonda ku Chichiri, limawerenga zaka zake kuyambira 1892. Chaka chimenecho dziko lino linali litangokhala chaka chimodzi pansi pa Britain, ndipo Harry Johnston, woimira boma la Britain kuno, anali akuyendabe ndi asilikali ake kugonjetsa mafumu. Ku Blantyre kunali munthu wina wochokera ku Hamburg dzina lake Eugene Sharrer, mwini wa Kabula Stores, amenenso anali atadzigulira malo aakulu kwa mafumu ndi nsalu komanso mikanda. Iyeyu anasonkhanitsa azungu anzake olima khofi n'kupanga Shire Highlands Planters' Association. Amene sankamufuna Sharrer anapanga gulu lawo lapadera motsogozedwa ndi John Moir, yemwe magalasi ake a m'maso ndi amene anatipatsa dzina loti Mandala. Magulu awiriwa ankakokanakokana, koma mu 1895 anaona kuti kukangana kukuwadyera phindu, ndipo anaphatikizana n'kukhala British Central Africa Chamber of Agriculture and Commerce.

Dzinalo linali lotchula dziko lonse, koma kunena zoona linali bungwe la chigawo chimodzi: Blantyre, Zomba, Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Anthu ake anali ochepa, okwana m'chipinda chimodzi, ndipo ambiri ankadana. Chimene chinawamanga pamodzi chinali choti onse ankamva kupweteka pamalo amodzi, ndipo ankadziwa kutchula dzina la chilondacho.

Chilonda choyamba chinali mayendedwe. Katundu wochokera kunyanja ya mchere ankakwera Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi, koma madzi akaphwa sitima zinkatitimira mumchenga, ndipo pamathithi sizinkadutsa n'komwe. Kuchokera kumtsinje kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, chilichonse chinkayenda pamutu pa munthu: mabelo a nsalu, malata, zitsulo za makina, ngakhale mzungu mwiniwakeyo pa machila. Mawu oti mtengatenga, amene lero timatchulira unduna wathunthu, anachokera pa mitu ya agogo athu imeneyo. Eni minda anawerengetsera n'kuona kuti mwamuna aliyense amene wasenza katundu pamsewu ndi khasu limodzi lochotsedwa m'munda wa khofi. Choncho anayamba kulirira njanji, chaka ndi chaka, m'makalata opita ku Zomba ndi ku London, komanso m'nyuzipepala yawo imene R. S. Hynde anayambitsa mu 1895, kholo la Daily Times ya lero. Khofi anagwa chitangodutsa chaka cha 1900, matenda ndi khofi wotchipa wa ku Brazil zitamumaliza, koma kulira kwa njanji sikunagwe naye. Ntchito inayamba mu 1903, kampani ya Sharrer yemweyo ili pakati, ndipo mu 1908 sitima yochokera ku Port Herald, Nsanje wa lero, inalowa mu Blantyre.

Chilonda chachiwiri chinali antchito, ndipo apa m'pamene mbiri ya bungweli imanunkha. Munthu amene ali ndi munda wake, nkhokwe yake ndi mbuzi zake alibe chifukwa chokapalira munda wa mlendo nthawi ya dzinja, pamene wake ukumudikira. Eni minda anakakamiza boma kuti ligwiritse ntchito msonkho wa nyumba ngati chikoti. Pofika 1902 lamulo linali loti munthu alipire mashiling'i 6, koma akagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu n'kubwera ndi chikalata chake, alipire atatu okha. Pa minda ya eni ake panali thangata, ndipo Alomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi ankapezeka alibe kolowera kwina. Pamene a Wenela analoledwa mu 1903 kuti azilemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, bungweli linakuwa kwambiri kutsutsa. Wina angaganize kuti linkamvera chisoni anyamata okafera m'migodi. Ayi ndithu, linkaopa kuti malipiro a ku Transvaal awonjezera mtengo wa khasu ku Thyolo.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze anthu amene akugwira ntchito ku Chichiri lero, omwe ndi Amalawi anzathu ndipo sanasenzetse munthu machila. Chimene ndikufuna kuti tichione ndi mapu. Tengani mapu a Malawi muone pomwe njanji inayambira, pomwe mafakitale anaunjikana, pomwe mabanki anamanga malikulu awo. Zonsezi zinatsata mapazi a anthu amene anakhala m'chipinda chija. Nyumba ya malamulo itakhazikitsidwa mu 1907, mipando ya anthu osakhala a boma inapita kwa azungu okhaokha, mmishonale, eni minda ndi amalonda, ndipo Mmalawi woyamba anakhalamo mu 1949. Njanji inapitirira kukalumikizana ndi Beira, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwecho sitima inafika ku Salima, ndipo ngongole za zonsezi zinalemera pa thumba la boma limene linkadzazidwa ndi msonkho wa nyumba za anthu akumudzi. Kumpoto mpaka lero kulibe njanji. Pali zifukwa za mapiri ndi za ndalama, inde, koma n'zoonanso kuti m'chipinda muja munalibe munthu amene mpunga wake unkawolera ku Karonga.

Pali kankhani kena kamene sitiphunzitsidwa mokwanira kusukulu. John Chilembwe timamudziwa ngati m'busa komanso munthu wa nkhondo ya January 1915. Koma mu 1909 iye ndi anzake ena amene anali ndi minda ndi masitolo awoawo, monga Joseph Bismarck, anayesa kupanga bungwe lawo la amalonda achikuda, Natives' Industrial Union. Anali ataona mmene azungu akuchitira ndipo anafuna kubwezera ndi chida chomwecho. Bungwelo silinakhalitse. Mpamba unali wochepa, wobwereketsa ndalama kwa munthu wakuda panalibe, ndipo boma linalibe khutu lowamvera. Ena mwa amene ananyongedwa kapena kuwomberedwa mu 1915, monga Duncan Njilima ndi John Gray Kufa, anali anthu a bizinesi ndi minda, amene anayamba ayesa njira ya sitolo asanatole mfuti.

Kuchokera pamenepo mabungwe a Amalawi anatenga njira ina. North Nyasa Native Association ya 1912, imene Levi Mumba anali mlembi wake, inali ya aphunzitsi, abusa ndi makalaliki, ndipo mtsinje umenewo ndi umene unakathira mu Nyasaland African Congress mu 1944. Tinaphunzira kusonkhana pa zandale, ndipo tinapambana. Kusonkhana pa za geni sitinakuphunzire, ndipo ndikuganiza kuti mpaka pano tikulipirabe. Amwenye anali ndi bungwe lawo la amalonda, azungu lawo, ife tinali ndi chipani.

Nthawi ya Kamuzu sinasinthe zimenezi. Chuma chachikulu chinali m'manja mwa Press Holdings ndi ADMARC, ndipo mwini bizinesi wodandaula mokweza ankadziwa kuti lamulo lolanda katundu la 1966 lili pafupi. M'zaka za m'ma 1970 Amwenye analamulidwa kuchoka m'matauni akumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali choti Amalawi atenge masitolowo, koma ambiri analibe mpamba kapena njira yoodera katundu, ndipo amene wayendapo m'ma boma akale waona mizere ya masitolo a makhonde aatali aja, ena atasanduka matchalitchi, ena mokhala mileme. Pa tauni ya atsibweni alipo atatu. Komabe ndipereke ulemu pomwe ukuyenera: mu 1992, pamene kutsegula pakamwa kunali kuika khosi pa mpeni, bungwe la amalonda linakhala pamodzi ndi mipingo, Asilamu ndi bungwe la maloya mu Public Affairs Committee, imene inakambirana ndi boma mpaka referendamu ya pa 14 June 1993. Pa zaka zake zonse, nthawi imeneyo ndi imene linayankhulira anthu ambiri kuposa mamembala ake.

Lero bungweli limagwira ntchito zooneka. Limakonza chionetsero cha zamalonda chaka ndi chaka, limafunsa makampani zimene zikuwapweteka n'kuzilemba m'malipoti, limapereka maganizo nduna ya zachuma isanawerenge bajeti, limakhala pa tebulo limodzi ndi boma pokambirana za misonkho, magetsi ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, atolankhani ankathamangira ku Chichiri kukafunsa kuti amalonda akuti bwanji. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, panafunika wina woti awerengere dziko zimene mafakitale akutaya, ndipo mawu oterowo ndi ofunika. Dziko lopanda bungwe lotere limasiya nduna ikumvera okhawo amene ali ndi nambala yake ya foni.

Koma pitani ku Trade Fair mukaone nokha. Ine ndimapita pafupifupi chaka chilichonse, ndipo ndisaname, chimandikoka kwambiri ndi kanyenya ndi phokoso la zimbale. Kutsogolo kumakhala nyumba za mabanki ndi makampani a mafoni, atsikana ovala mayunifolomu akugawa timapepala. Ukalowa mkati m'mashedi a kumbuyo ndi momwe umapeza Malawi weniweni. Chaka china ndinaima pa tebulo la mayi wina wochokera kumpoto amene ankagulitsa uchi m'mabotolo ndi mpunga wa Kilombero m'timapaketi tomata ndi kandulo. Ndinawafunsa ngati apeza ogula aakulu. Anati, "Bambo, abwera a sitolo ina yaikulu, alawa uchi, akuti ndi wabwino. Koma akuti ndibwere ndi chidindo cha a zamiyezo, ndipo ndalama azindipatsa pakatha miyezi iwiri. Miyezi iwiri ine njuchi ndizilipira chiyani?" Anaseka okha nthabwala yawoyo. Anali atalipira basi, malo ogona ndi tebulo, ndipo chionetsero chikatha ankabwerera kwawo komwe kulibe ofesi iliyonse yoti akagogode za chidindocho.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amati yankho n'loti bungwe la ku Chichiri lingotsitsa ndalama ya umembala kuti ang'onoang'ono alowe. Kulowa angalowe, koma mawu amodzi sangathe kunyamula zofuna zotsutsana. Taonani zimene zinachitika mu March 2025, boma litaletsa kuitanitsa kunja zinthu monga ufa, mpunga, zipatso, uchi ndi chiponde. Kwa mwini fakitale ya chiponde ku Blantyre kapena ku Kanengo, imeneyo inali nkhani yokoma. Kwa mayi amene amawoloka Songwe kukapikula nthochi ku Kyela, linali tsoka, ndipo Tanzania itabwezera mu April potseka chipata kwa zokolola zathu, amene anali ndi katundu pa malole ndiwo anagona kunja. Onsewa ndi amalonda, onsewa ndi Amalawi, ndipo aliyense ali ndi mfundo yomveka. Koma mmodzi yekha ndi amene ali ndi mlembi wolemba kalata, loya woiwerenga ndi galimoto yokaisiya ku Capital Hill. Chimodzimodzi pa ndalama zakunja: kampani yaikulu imadandaula kuti banki yachedwa kuipatsa madola, pamene wa kaunjika sayembekezera n'komwe kuti banki ingamupatse. Mavenda a kaunjika atakwiya ndi mitengo ya mabelo mu February 2025, njira imene anali nayo inali ya pamsewu, kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Munthu amaguba akasowa pokhala pansi n'kukambirana.

Chimene ndikuona kuti chikusoweka ndi chimene Sharrer anali nacho: bungwe laling'ono, la dera limodzi, la anthu odziwana nkhope, amene chilonda chawo ndi chimodzi. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wa ku Chichiri, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani, sangamve m'mimba chifukwa cha thiransifoma ya pa tauni ya atsibweni. MCCCI ili ndi nthambi m'zigawo, koma chigawo chapakati ndi chachikulu, ndipo nkhani za ku Lilongwe zimameza za ku Mkanda ndi ku Kapiri. Sitifunikanso kupita kutali kuti tione chitsanzo. Kungowoloka pa Mwami, ku Chipata kuli bungwe la amalonda la Eastern Province, ndipo ku Kitwe ndi ku Ndola kuli mabungwe a mizinda imeneyo, onse n'kumakumana m'bungwe lalikulu la dziko la Zambia. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Ndikungoti munthu wa sitolo ku Chipata ali ndi khomo loti agogode m'tauni yake yomwe.

Bungwe la amalonda a ku Mchinji lingagwire ntchito yanji? Zing'onozing'ono, zotopetsa, zosatuluka pa wailesi. Kulemba m'kabuku maola amene magetsi athima mwezi wonse, zigayo zingati zaima, ndi ndalama zingati zatayika, n'kukapereka pepalalo losainidwa ndi anthu makumi asanu. Kudandaula kwa pa bawo kumauluka ndi mphepo, koma pepala la manambala limasowetsa mtendere munthu wa mu ofesi. Kukhala pansi ndi khonsolo bajeti yake isanadutse n'kufunsa kuti matikiti a pamsika anatolera zingati ndipo zinyalala zichoka liti. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka cha malo amodzi mu December 2022, ndipo pali ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kuno, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono owoloka malire, koma amayi ambiri amadutsabe njira zachidule ndi kulipira anyamata a njinga chifukwa palibe anawafotokozera kuti katundu wawo akhoza kudutsa pachipata mosavuta. Bungwe likhoza kuika munthu mmodzi wodziwa mafomu. Likhoza kusonkhanitsa a zigayo khumi kuti aode malamba ndi masefa pamodzi, m'malo moti aliyense akwere minibasi yekha kupita ku Lilongwe. Likhoza kuitana a zamiyezo kuti abwere tsiku limodzi adzaone anthu makumi awiri opanga chiponde ndi mafuta a mpendadzuwa. Zonsezi sizifuna lamulo latsopano.

Ndikudziwa zimene owerenga ena akunena kale mumtima, chifukwa inenso ndazionapo. Mabungwe a m'chikwama tili nawo ambiri: wapampando, mkazi wake msungichuma, chidindo, ndi kalata yopempha thandizo kwa azungu. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa amalonda ang'onoang'ono pa hotela ina m'mphepete mwa nyanja, wolipiridwa ndi bungwe lina lakunja. Tsiku loyamba tinakambirana za misika. Tsiku lachiwiri lonse linathera pa mkangano wa alawansi, ndipo titabalalika palibe anaimbiranso mnzake. Palinso ngozi ya ndale. Bungwe likangoyamba kumveka, phungu amabwera ndi thumba la simenti, wapampando amayamba kuvala nsalu ya chipani, ndipo chisankho chikadutsa theka la mamembala silimuyankhulanso. Kwinanso bungwe la amalonda limasanduka gulu lopangana mitengo kapena lothamangitsa Mburundi amene watsegula sitolo pafupi. Zimenezi si nkhambakamwa, ndipo mbiri ya 1895 ija ikutikumbutsa kuti amalonda akagwirizana, wosauka amene sali m'chipindamo akhoza kulira.

Mankhwala a matenda awiri oyambawo ndi amodzi, ndipo ndi owawa: ndalama ya bungwe ichoke m'thumba la mamembala. Azungu a ku Blantyre aja sanadikire wothandiza. Ankasonkha okha, n'chifukwa chake bungwelo linkanena zimene iwo akufuna, zoipa ndi zabwino zomwe. Bungwe limene galimoto yake inagulidwa ndi mlendo limayankhula chinenero cha mlendoyo, ndipo thandizo likatha limatseka pakamwa. Anthu athu kusonkha amakudziwa. Banki mkhonde imayenda sabata ndi sabata popanda wapolisi, ndipo wochedwa amalipira chindapusa osanyinyirika. Chipereganyu chimayenda m'maofesi ndi m'misika. Ngati mayi wogulitsa tomato amatha kuponya masheya Lachisanu lililonse, wa chigayo sangalephere kusonkha mtengo wa ndowa ziwiri zogayitsa pa mwezi. Chimene chimavuta n'choti mu banki mkhonde ndalama yako umaionanso mu December, pamene m'bungwe la amalonda phindu lake ndi thiransifoma yokonzedwa msanga, imene ngakhale wosasonkha amapindula nayo. Ndiye aliyense amadikira kuti asonkhe mnzake.

Maiko ena vuto limeneli analithetsa ndi lamulo. Ku Germany kampani iliyonse ya malonda ndi mafakitale imakakamizidwa kukhala membala wa bungwe la dera lake n'kumalipira, ndipo mabungwewo ndi amene amayendetsa mayeso a achinyamata ophunzira ntchito m'makampani. Ku France, komwe bungwe loyamba la mtunduwu linabadwira ku Marseille mu 1599, mabungwewa ndi mbali ya dongosolo la boma. Ife tinatengera njira ya Angerezi, yolowa mwakufuna kwako. Pali anzanga amene amati titengere Germany. Ine ndikukana, pakadali pano. Kuno ndalama yokakamiza imatoleredwa ndi boma, ndipo chimene boma latolera limasankhanso wochidya. Tingangowonjezera tikiti ina pa kabuku ka wotolera msonkho uja, n'kubala bungwe lina la mabwana olandira malipiro amene sanagulitsepo ngakhale bokosi la machesi. Bola bungwe la anthu makumi atatu osonkha mwakufuna kwawo, limene likapanda kugwira ntchito lizifa msanga, ena ayambe lina.

Za ngozi yachitatu ija, yopangana mitengo ndi kuthamangitsa alendo, ndilibe mankhwala otsimikizika, koma kusiyana kwa lero ndi 1902 kulipo. Nthawi imeneyo wogwira thangata analibe voti, nyuzipepala kapena khoti lomumvera. Lero kuli bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, kuli mawailesi a m'madera, ndipo ogula ndi abale a ogulitsa omwewo. Ndipo ndingakonde kuti khomo likhale lotsegukira aliyense amene ali ndi chiphaso cha bizinesi pa tauniyo, Mchewa, Mmwenye, Mburundi, chifukwa magetsi akathima sasankha sitolo.

Kwa a ku Chichiri pempho langa ndi laling'ono. Dzina lawo limanena kuti ndi mgwirizano wa mabungwe a amalonda, ochuluka, osati limodzi. Alole kuti mabungwe a m'maboma abadwe paokha, asawatenge ngati nthambi zolandira malangizo, ndipo akabadwa awapatse mpando ndi voti, ngakhale pa nkhani zimene wa ku Karonga adzatsutsana ndi wa fakitale ku Makata mu Blantyre. Phokoso lidzachuluka pa misonkhano yawo, ndipo zikalata zopita kwa nduna zidzachedwa kutuluka. Koma nduna ikadzafunsa kuti mukuyankhulira anthu angati, yankho lidzakhala lolemera kuposa lero.

Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko madzulo. Mnyamata wa pachigayo anathamanga kukakoka chitsulo, chigayo chinalira, amayi aja anadzuka n'kuyamba kukangana kuti anafika poyamba ndani. Atsibweni anaimirira, nakutumula gaga pa thalauza, ndipo tikulowa m'golosale anayamba kuwerenga pa zala: wa chigayo cha kumsika, wa kuseri kwa sukulu, awiri a kumsewu wa ku Mkanda, wowotcherera zitsulo, wa butchala amene nyama yake inawonongeka mu fuliji sabata yatha, mayi wa saluni, ndi ena. Anafika khumi ndi mmodzi.

"Koma wa kumsika uja sitiyankhulana," anatero. "Anandibera mnyamata wanga wa ntchito chaka chatha."

Ndinawauza kuti Sharrer ndi Moir nawonso sankamwerana madzi. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa kope la ana asukulu limene amalembamo angongole. Anatembenuza kumapeto komwe kunali masamba oyera, nalemba deti pamwamba, ndipo pansi pake analemba ola limene magetsi anathima dzulo ndi ola limene ayaka.